Mpanda uzilingana ndi msinkhu wa woudula

Mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, mitengo ya msasa ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Harare kupita ku Masvingo imavala masamba ofiira, ndipo mlimi wodziwa nyengo amazindikira kuti chisanu chatsazika. Idali nthawi ngati imeneyi chaka chathachi pamene ndidatsika basi pa Beatrice, katauni ka alimi kamene kali pa mtunda wa makilomita opitirira 50 kum'mwera kwa Harare, m'mphepete mwa mtsinje wa Mupfure. Ulendowu sudali wa ntchito ayi. Ndinkakazonda agogo anga aamuna, amene akhala pa famu ina ya m'derali kwa zaka zoposa 60. Koma ndidapeza anthu a pamalopo ali pa mkangano wa nkhani imene poyamba ndidaiona ngati yachibwana: mpanda wamaluwa, uja ambiri timautcha heji, umene udakula mopyola muyeso.

Kuti mumvetse bwino, awerengi, ndiyambe ndi mbiri ya mpandawo, pakuti ndi mbiri ya agogo yomwe. Iwo adachoka ku Dedza ali mnyamata, m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Monga anzawo ambiri, adabwera kudzera ku Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu a ku Nyasaland ntchito za m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Adayamba ndi kuthyola fodya, kenaka mwini famu adawasamutsira ku nyumba kwake kuti azisamala maluwa. Kwa zaka zoposa 30, ntchito yawo idali kapinga, maluwa ndi mpanda wozungulira nyumbayo. Mpandawo udali wautali kuposa munthu, wosalala pamwamba ngati tebulo, ndipo kuti uoneke chomwecho pankafunika makwerero, sizasi yaikulu ndi anthu awiri a pa malipiro.

M'chaka cha 2000, boma la Zimbabwe lidayamba kugawa mafamu akuluakulu mwachangu. Famu ija idagawidwa m'minda ing'onoing'ono ya mtundu wa A1, ndipo nyumba ya mwini famu idasanduka sukulu ya pulayimale, monga zidachitikira m'madera ambiri kumene anthu adafika mwaunyinji koma kulibe makalasi. Agogo adatsalira m'komboni. Iwo sadali okha pa vutoli. Kafukufuku amene Lloyd Sachikonye adatulutsa mu 2003 adaonetsa kuti mafamuwa ankalemba antchito oposa 300,000, koma amene adapatsidwako malo sadakwane asanu pa antchito 100 alionse. Sizasi ija idapachikidwa pa msomali, makwerero adathyoka, ndipo mpanda udakhala wa aliyense, kutanthauza kuti udalibe mwini.

Mtengo sudikira msonkhano kuti ukule. Patatha zaka zoposa 20, mpanda uja udatalika kufika pa denga la sukulu, ndipo m'lifupi mwake munthu ankatha kuponya mapazi anayi kapena asanu. Mazenera a makalasi a mbali ina adachita mdima. Kenaka padagwa zinthu ziwiri motsatana. Ng'ombe yaikazi ya bambo wina woyandikana ndi sukuluyo idasiya kudya, maso ake adachita chikasu, khungu la pamphuno lidayamba kusupuka, ndipo patatha masiku idafa. Mlangizi wa ziweto adati idadya masamba a lantana mu mpandamo. Sabata yotsatira, mwana wina pofuna kutola mpira adatsala pang'ono kuponda mphiri patsinde pa mpanda womwewo. Komiti ya makolo idakumana, ndipo ambiri adagwirizana chimodzi: autenthe wonse, nkhani ithe.

Agogo sali m'komitiyo. Anthu a m'komboni saitanidwa kawirikawiri ku misonkhano yotere, ndipo alipo ena amene mpaka lero amawatchula mayina onyoza osonyeza kuti ndi obwera. Koma atamva za motowo adatenga ndodo yawo nati kwa ine: "Mdzukulu, tiye undiperekeze. Mpanda umenewu ndinaulera ine."

Titafika adapereka moni, navula chipewa, nati: "Aphunzitsi aakulu, moto susankha. Mu mpandamu muli mitengo ya mitundu inayi, ndipo uliwonse uli ndi kachitidwe kake."

Mphunzitsi wamkuluyo adawayankha mwaulemu, powatchula Sekuru, amene ndi mawu a Chishona otanthauza agogo: "Sekuru, ife tikuona tchire limodzi basi."

"Ndiye tiyeni ndikakuonetseni," adatero agogo.

Tisanawatsatire, ndinene kuti maganizo otentha aja adali olakwika pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi lamulo. Malamulo amene boma la Zimbabwe lidakhazikitsa mu 2007 adaika nyengo yoletsa kuyatsa moto kutchire kuyambira pa 31 Julayi mpaka pa 31 Okutobala, ndipo bungwe loona zachilengedwe la Environmental Management Agency, lodziwika kuti EMA, ndilo limayang'anira zimenezi. M'miyezi imeneyi udzu umakhala wouma ndipo mphepo imakhala yamphamvu, kotero moto wa pa mpanda ukadatha kulumphira pa denga la sukulu kapena m'minda ya anthu. Chachiwiri ndi chakuti moto supha lantana. Umapha mitengo ina yofooka, koma chitsa cha lantana chimaphukanso mvula ikangogwa, ndipo chimapeza malo oyera opanda wopikisana nacho.

Tidazungulira mpandawo pang'onopang'ono, agogo akuloza ndi ndodo. Kumaso kwa nyumba, pansi pa zitsamba zolukanalukana, kudali hibiscus wa maluwa ofiira amene adabzala iwo eni. Kumbali yochokera mphepo kudali mzere wa mitengo ya saipulesi, yobiriwira kunja koma youma m'kati. Kuseri, kufupi ndi komboni, kudali nkhadze amene antchito adadzibzalira okha, monga tichitira kumudzi pozinga khola kapena manda. Ndipo pamwamba pa zonsezi padayanga lantana, wa timaluwa tokongola tachikasu ndi tofiirira, wa nthambi za timinga, wa masamba onunkha ukawafikisa m'manja.

Za lantana tiyenera kukambapo mwapadera, chifukwa ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomerachi kwawo ndi ku Central America ndi South America, ndipo chidafalitsidwa m'maiko otentha ndi anthu amene ankachikonda ngati duwa komanso ngati mpanda. Mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere kulikonse kumene zatera, n'chifukwa chake chimakonda kumera m'mipanda, m'mphepete mwa mitsinje ndi pansi pa mitengo. Chikakhazikika chimaphimba udzu wa ziweto. Masamba ake ali ndi poizoni amene amaononga chiwindi cha ng'ombe ndi nkhosa, ndipo nyama yodwala imachita chikasu, khungu lake n'kumapsa ndi dzuwa makamaka pamene pali ubweya woyera. Zipatso zake zosapsa ndi zoopsanso kwa ana. M'chaka cha 2000, bungwe la IUCN lidachiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zobwera zoononga kwambiri padziko lapansi, ndipo lamulo la zachilengedwe la Zimbabwe la 2002 limapereka udindo wochichotsa kwa mwini malo kapena wokhalapo. Choncho lantana si wodulira ayi, ndi wozula.

Komiti idavomera kuyesa njira ya agogo, ndipo Loweruka lotsatira makolo adabwera ndi zikwanje, nkhwangwa, mapiki ndi macheka. Agogo adakhala pa mpando pansi pa mtengo n'kumalangiza. Ndondomeko yawo ndikuilemba pano monga ndidaionera, chifukwa ndikudziwa kuti pa masukulu, m'matchalitchi, m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'makomo ambiri a awerengi athu muli mipanda yotere.

Adayamba ndi kuletsa aliyense kulowetsa dzanja mu mpandamo. Anyamata adayenda m'mbali akumenya nthambi ndi mitengo yaitali kuti njoka zithawe, uku akuyang'ana ngati muli njuchi, mavu kapena zisa za mbalame zokhala ndi ana. Agogo adakumbukiranso kuti m'kati mwa mpandawo mudali waya waminga wakalekale, ndipo adapezekadi, wadzimbiri, pamene chikwanje chikadatha kunjanja n'kuvulaza munthu. Aliyense adauzidwa kuvala malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka, ndipo amene adalibe magolovesi adakulunga manja ndi zidutswa za matumba.

Kenaka adayamba ndi lantana. Ankadula nthambi kuchokera kunja kulowa m'kati, n'kusiya tsinde lofika m'mawondo kuti likhale chogwirira komanso chizindikiro. Zitsa zing'onozing'ono adazizula tsiku lomwelo ndi piki, koma zikuluzikulu adazisiya kufikira mvula yoyamba itafewetsa nthaka. Nthambi zodulazo adaziunjika pa malo ouma, olimba, kutali ndi njira ya ng'ombe, chifukwa nthambi ya lantana ikagona pa dothi lachinyezi imatha kumera mizu. Agogo adachenjeza kuti ntchito imeneyi siitha chaka chimodzi. Njere zimakhala m'nthaka, kotero nyengo ya mvula iliyonse pamafunika kubwerera n'kuzula mbande zikadali zanthete. Amene akufuna kupha zitsa ndi mankhwala ayambe afunsa alangizi a zaulimi, amene kuno timawadziwa ndi dzina la Agritex, osati kungogula botolo pamsika.

Lantana atachoka, hibiscus adaonekera, wamiyendo yaitali yopanda masamba, wobiriwira kunsonga kokha. Anyamata adafuna kumudula yense mpaka pansi, koma agogo adakana. Adati chaka chino adule pamwamba ndi mbali imodzi yokha, ina idikire chaka chamawa, kuti mtengo utsale ndi masamba oudyetsa pamene ukuchira. Adakhoma zikhomo, namanga chingwe kuti mzere uwongoke. Adalamula kuti nthambi zikuluzikulu zidulidwe ndi macheka, mopendeketsa kuti madzi a mvula asakhazikike pa bala, osati kuzikhapa ndi chikwanje chimene chimang'amba mtengo n'kuyambitsa kuola. Adatinso podula adutse pang'ono pansi pa msinkhu umene akuufuna, ngati chikhato chimodzi kapena ziwiri, kuti mphukira zatsopano ndizo zidzapange mutu wa mpanda. Pomaliza adati kunsi kukhale kotambalala kuposa kumwamba, kuti dzuwa lizifika pa masamba apansi. Mpanda wotambalala kumwamba umadzichitira mthunzi wokha, n'kuyoyoka kunsi, ndipo nkhuku ndi mbuzi zimadutsa momasuka.

Atatha kudula adapalira patsinde, nathira manyowa a m'khola, naphimbira ndi udzu wouma. Pamene mitengo idafa padatsala mipata, ndipo agogo adasankha timitengo ta hibiscus yemweyo, tonenepa ngati pensulo, kuti atizike m'machubu n'kudzatibzala mvula ikakhazikika. Apa m'pamene padaonekera ubwino wa nyengo imene tidagwira ntchitoyi. Ukadula mpanda mu Juni kapena Julayi, mphukira zanthete zimapsa ndi chisanu, chimene kuno kumtunda kwa Mashonaland chimagwa ndithu. Ukadula kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala, mtengo umakhala ukudzuka, ndipo mvula ya mu Novembala imaupeza uli wokonzeka.

Za saipulesi, agogo adanena mosabisa kuti sangabwererenso kukhala mpanda. Mtengo umenewu suphuka pa nthambi yakale youma, ndiye ukaudula kupyola pobiriwira umatsala chigoba mpaka kalekale. Adagwirizana kuti ina aisadze nthambi zam'munsi ikhale mitengo yotchinga mphepo, ndipo imene idapendekera ku denga aigwetse ikhale milimo ndi mabenchi. Nkhadze adamusiya pomalizira, ana onse atauzidwa kuti atalikire. Aliyense amene adakulira kumudzi akudziwa kuti utomoni wake woyera ngati mkaka ndi mdani wa maso. Wodulayo adavala magalasi, adaima kumbali yochokera mphepo, ndipo pambali padali ndowa ya madzi oyera. Utomoni ukalowa m'diso, mankhwala oyamba ndi kutsuka ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka kuthamangira kuchipatala. Nthambi zake si zophikira.

Komatu mkangano waukulu wa tsikulo udali wa msinkhu. Bambo wina amene adauona mpandawo m'masiku ake aulemerero adati ubwerere momwe udalili, wautali kuposa munthu, kuti sukulu ioneke yolemekezeka. Ndinkayembekeza kuti agogo avomera, popeza ulemerero umenewo udali ntchito ya manja awo. Koma adapukusa mutu nafunsa: "Bambo, adzaudula ndani? Makwerero ali kuti? Malipiro a anthu awiri achokera kuti?" Padalibe woyankha. Ndipo adaitana mayi wina wa m'komiti, wamfupi mwa onse, namupempha kuti aime pafupi ndi chikhomo. Chingwe adachimanga polingana ndi chifuwa cha mayiyo. Adati mpanda wa msinkhu umenewo munthu aliyense angathe kuudula ataima pansi, ndi sizasi wamba, m'mawa umodzi, katatu kapena kanayi pa chaka. Mphunzitsi angathe kuona ana ali kuseri kwake, ndipo kuwala kungathe kulowa m'kalasi.

Mawu a akulu akoma akagonera. Ndili m'basi pobwerera ku Harare, ndidazindikira kuti agogo adanena za ntchito yanga yomwe. Ife a m'mabungwe omwe si aboma tabzala mipanda yambiri ya msinkhu wa makwerero. Timakhazikitsa dimba lalikulu lofuna mpope wa injini, kapena chigayo chofuna zipangizo zochokera kunja, chifukwa pa nthawiyo thandizo lilipo ndipo chithunzi chimakongola mu lipoti. Thandizo likatha, sizasi imapachikidwa pa msomali. Patapita zaka timabwerera n'kumadandaula kuti anthu sasamala zinthu, chonsecho sitidafunse pachiyambi kuti adzasamala ndani, ndi zida ziti, ndi nthawi yochokera kuti. Mpanda wa pa Beatrice sudasanduke tchire chifukwa cha ulesi wa anthu. Udapangidwa molingana ndi thumba la munthu mmodzi, ndipo thumbalo litachoka padalibe amene akadaukwanitsa.

Phunziro lachiwiri ndi la amene timawafunsa nzeru. Munthu yekhayo amene ankadziwa zimene zili mu mpandamo adali nkhalamba ya m'komboni imene sidaitanidwe ku msonkhano. Mbadwa za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia za m'mafamu a Zimbabwe zidadutsa m'zaka zowawa, makamaka lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, pamene ambiri adapezeka kuti sakuwerengedwa ngati nzika za dziko limene adabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zina mwa zimenezi. Adavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo, ndi nzika, ndiponso adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo silingaitanire munthu ku msonkhano wa komiti. Zimenezo ndi za ife eni. M'makomboni muli anthu odziwa kumezanitsa mitengo ya zipatso, kuchiza fodya m'mabani, kukonza mipope ndi kubereketsa ng'ombe, ndipo ambiri mwa iwo akukalamba. Safunsa adadya phula.

Ndidabwererako mu Epulo, mvula itatha. Mbali yodulidwa ija idali itaphuka masamba obiriwira kuyambira pansi, ndipo maluwa ofiira oyamba adali atatuluka. Mbali inayo idali ikadali yonyankhalala, kudikira Ogasiti. Zitsa zitatu za lantana zimene zidaiwalika zidali zitaphuka kale kufika m'chiuno, umboni wakuti agogo sadaname. Lachisanu lililonse ana a m'makalasi apamwamba amayenda m'mbali mwa mpanda ndi mphunzitsi wawo kuzula mbande zake, ndipo tsopano amazizindikira ndi fungo. Sizasi yakale ija agogo adaitsitsa pa msomali, adainola, naipereka kwa mayi uja amene chifuwa chake chidakhala muyeso. Komiti idawathokoza ndi ndowa ziwiri za chimanga, ndipo akuti pa msonkhano wokambirana za mitengo ya zipatso adawatumizira mwana kukawaitana.

Ngati pakhomo panu, pa sukulu kapena pa tchalitchi chanu pali mpanda umene wakupyolani, musathamangire machesi. Yambani mwadziwa mitengo imene ilimo, ndipo ngati simukuidziwa funsani amene adaibzala akadali moyo. Wozula muzule, wodulira mudulire mbali imodzi chaka chino, ina chaka chamawa. Ndipo musanamange chingwe, yang'anani munthu amene adzagwire sizasi inu mutachoka, muyese msinkhu wa mpandawo pa iyeyo.